Mutu 11: Laser Yoyendera Makemikolo

Pa Radford Road ku Hyson Green, dera la mzinda wa Nottingham ku England komwe kwadzaza anthu ochokera ku Africa, ku Asia ndi ku Caribbean, wogula ufa kapena mafuta ophikira amakumana ndi laser osaiganizira n'komwe. Wogulitsa akapititsa paketi pa makina a pa tilu, kamzere kofiira kamagwera pa timizere takuda tija, makina n'kulira, mtengo n'kutuluka. M'makina ambiri otere kuwala kofiirako kumachokera ku ka laser kodya magetsi, ndipo mphamvu yake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a wati imodzi. Laser zochitira opaleshoni ya maso, zodulira zitsulo ndi zotumiza intaneti m'zingwe za galasi nazonso n'za banja lomweli lodya magetsi.

Pali banja lina limene simungalipeze m'sitolo kapena kuchipatala. Laser ya makemikolo imatenga mphamvu yake pamene makemikolo awiri akuphatikizana mwaukali. Ina mwa zazikulu kwambiri, yotchedwa MIRACL, inkatulutsa kuwala koposa mawati 1,000,000, ndiye kuti kuposa ka laser ka pa tilu kuwirikiza ka 1 biliyoni. Kwa zaka zambiri laser za mtundu uwu ndizo zinkatsogola pa mphamvu pakati pa laser zoyaka mosadukiza. Lero zikuluzikuluzo zinazimitsidwa. Chifukwa chake chagona pa mafunso awiri oyendera limodzi: mwa mphamvu zonse zimene mwalowetsa, zatuluka ngati kuwala ndi zingati, ndipo mwasenza katundu wochuluka bwanji kuti muzipeze?

Tiyambe ndi mmene laser iliyonse imagwirira ntchito. Atomu kapena molekyu ikapatsidwa mphamvu imaisunga kwa kanthawi, kenako n'kuitaya, nthawi zina ngati kachidutswa ka kuwala kotchedwa foton. Albert Einstein anasonyeza mu 1917 kuti foton ikadutsa pa atomu yokhuta mphamvu, imaichititsa kutulutsa foton ina yofanana nayo ndendende, yolowera komweko. Ziwirizo zikapeza maatomu ena okhuta zimakhala zinayi, zinayi n'kukhala zisanu ndi zitatu. Mukaika magalasi obweza kuwala uku ndi uku, kuwalako kumapita n'kubwerera kukukulirakulira, ndipo galasi limodzi limalola kena kuti katuluke. Koma maatomu okhuta ayenera kuchuluka kuposa anjala. Apo ayi anjalawo amangomeza kuwala konse. Choncho laser iliyonse imafuna chinthu chowakhutitsa. Theodore Maiman, amene anayatsa laser yoyamba pa 16 Meyi 1960 ku California, anagwiritsa ntchito nyali yothwanima yowalira pa mwala wa ruby.

Ganizo loti makemikolo okha angagwire ntchito yokhutitsayi linachokera kwa John Polanyi, amene anakulira ndi kuphunzira ku Manchester asanapite kukaphunzitsa ku University of Toronto. Mu 1958 iye ndi wophunzira wake anaona kuti maatomu a haidrojeni akaphatikizana ndi klorini, mamolekyu obadwawo amatulutsa kuwala kofooka kwa infrared, kumene diso la munthu silikuona. Izi zinatanthauza kuti molekyu yatsopano sibadwa ili phee. Imabadwa ikunjenjemera, maatomu ake awiri akutalikirana ndi kuyandikirana mwamphamvu, ndipo kunjenjemerako ndi mphamvu yosungidwa. Mu 1961 Polanyi analemba kuti mamolekyu obadwa okhuta kale choterewa angathe kuyatsa laser. Mu 1965 George Pimentel ndi wophunzira wake Jerome Kasper anachitadi zimenezo ku Berkeley, pogwiritsa ntchito haidrojeni ndi klorini.

Nkhani ya Pimentel ili ndi nthambi yofika ku Nottingham. Mu 1963 iye ndi mnyamata wa ku England, Jim Turner, anapanga krypton difluoride, kemikolo yophatikiza fluorine ndi mpweya umene kale anthu ankati sungagwirane ndi chilichonse. Turner anadzakhala pulofesa ku University of Nottingham mu 1979, ndipo chaka chomwecho anafikanso wophunzira wake wakale, Martyn Poliakoff. Kumeneko anagwiritsa ntchito laser ndi kuwala kwa infrared poona mamolekyu amene amakhala ndi moyo kwa kamphindi kochepetsetsa. 

Moto wa fluorine

Posakhalitsa akatswiri anaona kuti fluorine imaposa klorini pa ntchitoyi. Atomu ya fluorine ikakumana ndi molekyu ya haidrojeni, imalanda atomu imodzi n'kupanga hydrogen fluoride, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yotulukayo amapita ku kunjenjemera kuja m'malo mongosanduka kutentha. Kwa wopanga laser, imeneyi ndi mphatso yosowa.

Koma fluorine si chinthu choseweretsa. Imachokera ku mwala wa fluorspar, umene wakhala ukukumbidwa m'mapiri a Derbyshire, kumadzulo kwa Nottingham. Mtundu wake wa mizeremizere yofiirira ndi yachikasu, wotchedwa Blue John, umakumbidwa ku Castleton n'kusemedwa kukhala mphete ndi mbale zokongoletsera. M'mwalamo fluorine imakhala yomangika, ndipo mungaugwire m'manja popanda vuto. Kuimasula n'kumene kunapweteka anthu. Akatswiri angapo a zaka za m'ma 1800 anavulala, ena anafa, asanakwanitse Henri Moissan wa ku France mu 1886. Poliakoff ndi anzake atayamba kujambula mafilimu aafupi a Periodic Table of Videos mu 2008, pofuna kuonetsa fluorine yeniyeni anapita ku University of Leicester kwa Pulofesa Eric Hope, amene labotale yake inali ndi zida zoyenera. Mu filimuyo mpweyawo ukatuluka pa kachitoliro n'kugwera pa chinthu, chinthucho chimangobuka moto popanda machesi. Hydrogen fluoride, imene ndi utsi wa laser yoteroyo, nayo ndi yoopsa mwa njira yake. Imadya galasi. Ikagwera pakhungu imalowa mkati mpaka kufupa, n'kumalanda kashiamu m'magazi, ndipo ikakhala yosungunuka m'madzi ambiri ululu umatha kuchedwa kuyamba, munthu n'kumaganiza kuti ali bwino. Aliyense wowerengera phindu la laser ya makemikolo ayenera kukumbukira zimenezi kuyambira pachiyambi.

Vuto lachiwiri ndi la liwiro. Molekyu yobadwa ikunjenjemera siisunga mphamvuyo nthawi yaitali. Ikagundana ndi inzake imaitaya ngati kutentha, ndipo chimene chimaizimitsa msanga kuposa zonse ndi hydrogen fluoride inzake yomwe. Zonsezi zimachitika m'tizigawo ta sekondi tochepa kwambiri, towerengedwa m'magawo a 1,000,000. Laser yotere imadzitsamwitsa ndi utsi wake womwe. Mu 1969 akatswiri a Aerospace Corporation ku California anapeza njira: anathamangitsa mpweyawo m'timabowo topanikiza mpaka liwiro lake linaposa la phokoso. Mpweya ukatuluka pa kabowo kotero umafutukuka n'kuzizira, makemikolo amasakanikirana ali paliwiro, amatulutsa kuwala podutsa pakati pa magalasi, ndipo utsi umachotsedwa usanawononge kanthu. Kuyambira pamenepo laser yaikulu ya makemikolo inayamba kufanana kwambiri ndi injini ya roketi.

MIRACL inali yoteroyo. Kampani ya TRW inaipangira asilikali apamadzi a ku America, inayamba kugwira ntchito mu 1980, ndipo inadzaikidwa ku White Sands m'chipululu cha New Mexico. M'chipinda chake choyatsira moto ankawotcha ethylene ndi nitrogen trifluoride kuti apeze maatomu a fluorine omasuka, kenako kutsogolo n'kuthiramo deuterium ndi helium. Deuterium ndi haidrojeni yolemera, ndipo anaisankha pa chifukwa chomveka. Kuwala kwa hydrogen fluoride kuli ndi mafunde otalika pafupifupi ma micrometre 2.7 (micrometre imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), ndipo chinyezi cha mumpweya chimameza kuwala kotero kusanapite patali. Atomu yolemera imanjenjemera mochedwerapo, motero deuterium fluoride imatulutsa mafunde a pafupifupi 3.8, amene amadutsa bwino. Kungosintha kulemera kwa atomu imodzi kunatsegula njira. Mu 1985 MIRACL inaphulitsa thupi la mzinga wa Titan lomwe linaimikidwa pansi, ndipo mu Okutobala 1997 inalozedwa pa setilaiti ya ku America komweko, MSTI-3, pa mtunda woposa makilomita 400. Laser ya hydrogen fluoride yeniyeni, yotchedwa Alpha, anaikonzera kumwamba kopanda mpweya ndi chinyezi, pa ndondomeko imene Pulezidenti Ronald Reagan analengeza mu 1983, koma sinanyamuke pansi.

Klorini, ayodini ndi mankhwala otsukira bala

Mtundu wina unabadwa mu 1977 ku Air Force Weapons Laboratory ku New Mexico, ndipo umadziwika ndi dzina loti COIL. Zoikamo zake owerenga ambiri amazidziwa. Klorini ndi yomwe ija ili m'mankhwala otetezera madzi ku kolera. Hydrogen peroxide ndi mankhwala ochita thovu akathiridwa pabala, ngakhale ya mu laser ndi yamphamvu kwambiri. Ayodini ndi amene amaikidwa mumchere popewa chithokomiro.

Peroxide amaisakaniza ndi potassium hydroxide n'kuiziziritsa kupitirira pamene madzi amaundana. Mpweya wa klorini ukadutsa m'madzi amenewa, pamatuluka okosijeni wokhuta mphamvu, ndipo m'chipinda cha mdima mungaone kuwala kofiira kwa mbee pamwamba pa madziwo. Chotsala m'thanki ndi mchere wa potassium chloride, madzi ndi kutentha. Okosijeni ameneyu ali ndi khalidwe lachilendo: amasunga mphamvu yake nthawi yaitali ndipo safuna kuitulutsa ngati kuwala. Pamenepa ndi pamene ayodini amalowera. Mphamvu imene okosijeniyo wasunga ndi yofanana pafupifupi ndendende ndi imene atomu ya ayodini imafuna kuti ikhute, motero akagundana mphamvuyo imasamuka osatayika yambiri. Ayodini amatulutsa foton ya ma micrometre 1.315, n'kubwerera kukalandira mphamvu ina. Okosijeni ndiye nkhokwe, ayodini wochepa chabe ndiye wotulutsa. Kuwala kwa mafunde aafupi choteroku kumalunjika bwino patali pogwiritsa ntchito galasi laling'ono, komanso kungadutse m'chingwe cha galasi, n'chifukwa chake ku Japan akatswiri anakuyesapo podula zitsulo zochindikala.

Tsopano tiwerengere. Amene amaphika pa mafuwa atatu amadziwa kuti kutentha kwambiri kwa nkhuni kumathawira m'mbali, mu mphika mumalowa kochepa. Mbaula ya chitetezo imabweza kena kuti kafike pa mphika. Koma mayi wowerengera bwino sayang'ana pa moto pokha. Amawerengeranso mtunda wa kotola nkhunizo, kulemera kwa mtolo, ndi utsi umene ana akupuma. Laser ya makemikolo ikayesedwa pa moto pokha imaoneka bwino kwabasi. Pa COIL akatswiri amafunsa kuti pa mamolekyu 100 a klorini olowa, mafoton otuluka ndi angati. Makina abwino amapereka pakati pa 20 ndi 30, ndipo ena a m'malabotale anadutsako 30. Poyerekeza, laser ya ruby ya Maiman ndi laser yofiira ya helium ndi neon sizinkafika ngakhale 1 pa 100 ya magetsi olowa, pamene laser ya carbon dioxide ya m'mafakitale imakhala pakati pa 10 ndi 20.

Mphamvu yotsalayo imatayikira m'njira zodziwika bwino. Si klorini yense amene amapeza peroxide. Okosijeni wina amataya mphamvu asanatuluke m'madzi kapena pokhudza makoma a mapaipi. Ayodini amalowa ali maatomu awiriawiri, ndipo kuwalekanitsa kumadya mamolekyu angapo a okosijeni wokhuta. Nthunzi ya madzi ikangolowa imazimitsa ayodini wokhuta, n'chifukwa chake madzi aja amawaziziritsa. Ndipo okosijeni wokhuta akatsika kufika pa mlingo winawake, laser imasiya kukula ngakhale mphamvu ina ikadalimo, yotsalayo n'kutuluka ndi utsi.

Chiwerengero cha 20 kapena 30 chija n'choona, koma chimasiya zambiri kunja. Sichiwerengera magetsi amene fakitale inadya popanga klorini ndi peroxide. Sichiwerengera mafiriji. Mkati mwa laser mpweya uyenera kukhala wopyapyala, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mpweya umene timapumawu, ndiye pamafunika mapampu amphamvu okankhira utsi kunja, ndi zosefera kuti poizoni asafike kwa anthu. Kuwala kukatuluka kumakumananso ndi mpweya wa panja. Mpweyawo umameza pang'ono, n'kutentha, ndipo mpweya wotentha umamwaza kuwala komwe kwautenthetsako. Kuwonjezera mphamvu nthawi zina kumangokulitsa vutoli. Fumbi, chifunga ndi mitambo zimachotsanso gawo lawo.

Zonsezi zinaonekera poyera pa ndege ya YAL-1. Inali Boeing 747 yonyamula katundu imene anaidzaza ndi zigawo zisanu ndi chimodzi za COIL, chilichonse chachikulu ngati galimoto, cholemera pafupifupi matani atatu. Pamphuno pake panali galasi lozungulira la mita imodzi ndi theka. Laser zina ziwiri zing'onozing'ono zamagetsi zinkayamba kuwalira pa mzinga, ina kuutsata, ina kuyeza mmene mpweya ukupotozera kuwala, kuti galasi lotha kupindika likonze kupotokako laser yaikulu isanayake. Pa 11 Febuluwale 2010, pafupi ndi gombe la California, ndegeyi inawononga mzinga umene unali utangonyamuka kumene. Pa luso, chinali chinthu chodabwitsa, ndipo amene anachipanga ayenera ulemu wawo. Koma makemikolo a ulendo umodzi ankakwanira kuwombera pafupifupi ka 20 basi, kenako ndege ibwerere kukadzaza matanki. Robert Gates, nduna ya zachitetezo ya ku America pa nthawiyo, anali atakana kale ndege yachiwiri mu 2009, ponena kuti kuwalako sikufika patali mokwanira, moti ndegeyo ikanayenera kuuluka pafupi kwambiri kapena mkati mwa dziko la mdani. Ntchitoyi inathetsedwa mu 2011 itadya ndalama zoposa madola 5 biliyoni. Ndegeyo anaitumiza ku Davis-Monthan ku Arizona mu 2012, ndipo mu 2014 anaiphwasula.

Laser ya THEL, imene America ndi Israel anapangira limodzi pogwiritsa ntchito deuterium fluoride, inayenda njira yomweyo. Mu Juni 2000 inaphulitsa roketi ya Katyusha ili m'mwamba ku White Sands, ndipo inadzaphulitsanso ena ambiri. Koma inali yaikulu moti kuisuntha kunali kovuta, ndipo m'zaka zochepa anaisiya.

Ndimaona kuti n'zomvetsa chisoni kuti nzeru yokongola chotere inathera zaka zake zambiri pa zida zankhondo. Polanyi mwiniwake, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1986, anali wapampando woyamba wa gulu la Pugwash la ku Canada mu 1960, gulu la asayansi olimbana ndi zida za nyukiliya. Chimene iye ndi Pimentel ankafuna kudziwa chinali chakuti mphamvu imapita kuti makemikolo akaphatikizana, ndipo yankho la funso limenelo likuphunzitsidwabe m'mayunivesite.

Chimene chinagonjetsa laser ya makemikolo chinachokera ku banja lija la pa tilu. Tilaser ting'onoting'ono ta diode tinafika posandutsa theka kapena kuposerapo la magetsi kukhala kuwala. Ku University of Southampton, David Payne ndi anzake anasonyeza mu 1987 kuti chingwe cha galasi chothiridwa erbium chingakulitse kuwala kodutsamo, ndipo nzeru imeneyi ndi imene imayendetsa intaneti pansi pa nyanja. Akatswiri atathira ytterbium m'zingwe zotere n'kuzikhutitsa ndi tilaser ta diode, anapeza laser yosandutsa 30 mpaka 40 pa 100 ya magetsi ochokera pa soketi kukhala kuwala, zina kuposa pamenepo. Chiwerengero chimenechi chawerengera kale pafupifupi chilichonse cha m'makinamo. Palibe thanki ya klorini, palibe utsi wa poizoni, ndipo jenereta ikamayenda laser imayakabe. Mu Januwale 2024 boma la United Kingdom linalengeza kuti laser yake ya DragonFire yagwetsa zinthu zouluka ku Hebrides ku Scotland, ndi kuti kuwombera kamodzi sikupitirira mapaundi 10. Mphamvu yake ili m'makilowati makumi angapo, kutali kwambiri ndi megawati ya MIRACL.

Kusiyana kumeneku kuli ndi chifukwa chake, ndipo apa laser ya makemikolo ikadali patsogolo. Laser yamagetsi yotulutsa makilowati 100 a kuwala pa mlingo wa 40 pa 100 imasiya makilowati 150 a kutentha mkati mwa galasi ndi zitsulo zake zomwe. Kutenthako kuyenera kuchotsedwa ndi madzi, mapampu ndi ma radiator, apo ayi chingwe chimawonongeka ndipo kuwala kumasokonekera. Kukulitsa laser yotere kakhumi ndi kukulitsanso zoziziritsira kakhumi. Laser ya makemikolo inalibe nkhawa imeneyi pa mlingo womwewo, chifukwa chinthu chotulutsa kuwala chinali mpweya wothamanga, ndipo kutentha kwambiri kunkatuluka limodzi ndi utsi. N'chifukwa chake opanga zida zamasiku ano amaphatikiza kuwala kwa zingwe zambirimbiri kukhala mzere umodzi, chingwe chilichonse chikusenza makilowati ochepa amene chingathe kuziziritsidwa nawo, ndipo ntchito yaikulu ya akatswiri tsopano ili pa kuchititsa kuti mafunde a zingwe zonsezo akafike pa malo amodzi nthawi imodzi.